Njinga yamoto kwa wopuma pa ntchito: mafunso ndi mayankho

Aphunzitsi, alangizi, apolisi ndi ena ambiri akalandira ndalama zopumira pa ntchito amafuna choyendera. Galimoto imadya ndalama ngakhale itangoima, njinga yakapalasa mawondo amayamba kuikana, ndipo minibasi sifika kudimba. Mayankho ali m'munsimu ndi a munthu wofuna njinga yamoto yoti azikwera yekha popita kumunda, kutchalitchi kapena kumzikiti, kuchipatala, kubanki mwezi ukatha, nthawi zina ali ndi mayi akunyumba kumbuyo kapena thumba la feteleza.

Ndi mtundu uti wa njinga umene suvuta kusamala?

Musayambire m'sitolo yogulitsa njinga. Yambirani pa siteji ya kabaza ya kumene mukukakhala, osati ya kumene mukukhala pano. Pitanipo tsiku la msika, muwerenge mitundu ya njinga zimene zaima. Mtundu umene wachuluka ndi umene makaniko wa pamalopo amaudziwa mpaka m'kati, ndipo ndi womwewo umene eni masitolo amausungira masipeya.

Mukatero lowani m'sitolo ya masipeya, mufunse zinthu zisanu ndi chimodzi za njinga imene mukuiganizira: waya wa kilatchi, mabuleki, tcheni ndi masipuloketi ake, pulagi, CDI (kabokosi kotumiza moto ku pulagi), ndi chubu cha tayala lakumbuyo. Zonsezi zikapezeka tsiku lomwelo, njingayo ndi yosavuta kusamala kwanuko. Koma akamati ichi tiitanitsa ku Limbe, icho mukayang'ane ku Malangalanga ku Lilongwe, dziwani kuti tsiku lina njingayo idzagona sabata yathunthu chifukwa cha kachitsulo kokwana m'thumba la malaya.

Njinga zogulitsidwa ku Malawi zili m'magulu atatu. Za ku China, monga Sanlg, Lifo ndi Kinglion, ndi zotsika mtengo ndipo masipeya ake ali ponseponse, koma pa zambiri mabawuti amamasuka okha ndipo mawaya a magetsi ndi opyapyala. Za ku India, monga Bajaj Boxer ndi TVS HLX, mtengo wake ndi wokwererapo koma zinamangidwa molimba. Za ku Japan, Honda ndi Yamaha, zimakhalitsa kuposa zonse, kungoti sipeya yeniyeni mumakaipeza mumzinda, pamtengo wowawa. Kwa wokhala kumudzi timaika patsogolo ya ku India ya 100cc kapena 125cc ngati masipeya ake alipo, kenako ya ku China imene yafala kwanuko.

Injini yake ikhale yotani?

Ya silinda imodzi, ya 4-stroke (yosawotcha oyilo pamodzi ndi petulo), yozizira ndi mphepo, ya kabureta (kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya). Silinda imodzi kawirikawiri ndiye kuti pulagi imodzi ndi mavaluvu awiri basi. Yozizira ndi mphepo ilibe rediyeta, ilibe pampu yamadzi, ilibe mapaipi odontha. Kabureta amaimasula ndi sikuludiraiva n'kuitsuka pansi pa mtengo. Njinga ya fuel injection, imene m'malo mwa kabureta ili ndi pampu yopopera petulo mu injini, imasunga petulo komanso imalira msanga m'mawa kukazizira, koma pampu yake kapena sensa ikafa pamafunika makina oyezera amene amakaniko ambiri akumudzi alibe.

Pali injini ina imene amakaniko amangoitchula kuti CG. Kampani ya Honda inaitulutsa m'zaka za m'ma 1970 pa njinga ya CG125, itaona kuti m'mayiko osauka anthu amachedwa kusintha oyilo, ndipo injini zokhala ndi kamushafiti (chitsulo chozungulira chotsegula mavaluvu) pamwamba zinkafa msanga. Mu CG kamushafiti ili pansi pafupi ndi oyilo, ndipo mavaluvu amakankhidwa ndi timitengo tiwiri tachitsulo, palibe tcheni ya tayiming'i. Njinga zambiri za ku China za 125cc ndi 150cc zinakopera injini imeneyi. Imachita kaphokoso ndipo imanjenjemera mukaithamangitsa, koma ndi yopirira.

Injini ya tcheni ya tayiming'i, monga ya Boxer, imayenda myaa. Chimene imadana nacho ndi oyilo wakale. Tcheni yakeyo ikayamba kulira kumtunda kwa injini, isinthidwe isanadumphe mano, chifukwa ikadumpha pisitoni imatha kugunda mavaluvu n'kuwapinda.

Kodi 150cc kapena 200cc siiposa 125cc?

Kwa wonyamula matumba a makala, inde. Kwa inu, kawirikawiri ayi. Ya 100cc kapena 125cc imanyamula anthu awiri pa liwiro la makilomita 60 mpaka 70 pa ola popanda kudandaula, ndipo yosamalidwa bwino imayenda makilomita 40 kapena kuposerapo pa lita imodzi. Ya 150cc imamveka kwa wokhala kumapiri, monga ku Neno, ku Ntchisi kapena ku Misuku, amene azikwera zitunda ali awiri. Njinga zing'onozing'ono monga Lifo ndi zopepuka ndipo zimakwanira kuchigwa, koma pachitunda, muli awiri ndi katundu, mmodzi amatsika.

Kumbukiraninso laisensi. Ya A1 imalekezera pa 125cc. Yoposa pamenepo imafuna ya A.

Ndinkakwera Yamaha DT ndili mlangizi. Ndigule yomweyo?

Mtima umafuna, koma ganizirani kaye. DT125 ndi DT175 ndi za 2-stroke: zimawotcha oyilo wa 2T pamodzi ndi petulo, kuchokera m'kathanki kake kapadera. Zilibe mavaluvu, choncho kumasula injini sikuvuta, koma zimamwa petulo kwambiri, maring'i amatha msanga, pulagi imada, ekizozi imatsekeka ndi mwaye. Kathanki ka 2T kakauma kapena pampu yake ikafa inu osadziwa, pisitoni imagwira mu silinda muli pamsewu. Mpando wake ndi wautali, ndipo ndi ya kiki yokha. Nthawi ija petulo ndi sevisi ankalipira ndi a ofesi. Pano zituluka m'penshoni.

Yamaha AG200 ndi ya 4-stroke, tcheni yake ndi yotsekedwa, ndipo kumunda imalimba. Koma zimene mabungwe amagulitsa pa okushoni zimakhala zitatopa, ndipo masipeya ake ndi odula.

Mawondo ndi msana zayamba kuvuta. Ndiyang'ane chiyani?

Njinga imene simungathe kuikankha, kuiimika ndi kuidzutsa nokha ndi yovuta kusamala ngakhale injini yake ikhale yabwino chotani. Musanalipire chitani zitatu. Khalani pampando: mapazi onse awiri aponde pansi, osati zala zokha. Kwa anthu ambiri mpando wa masentimita 75 mpaka 80 ndi woyenera. Ikankheni injini ili yozima, kutsogolo, m'mbuyo, ndi kuitembenuza pamalo opanikiza ngati pakhonde panu. Kenako iimikeni pa sitandi yapakati. Pamenepa si mikono imene imagwira ntchito: mumaponda sitandi ndi phazi lamanja, thupi lonse n'kutsamira pamenepo, dzanja likungokokera m'mbuyo. Njinga za 100cc ndi 125cc zimalemera makilogalamu 100 mpaka 125. Yoposa pamenepo ikagwa mumchenga mudzadikira wodutsa.

Gulani yokhala ndi sitata ndi kiki, zonse ziwiri. Sitata ndi ya bondo lanu, kiki ndi ya tsiku limene batire lafooka. Funsani wogulitsa ngati njingayo imalira ndi kiki batire litachotsedwa. Zina moto wa pulagi zimautenga ku koyilo ya injini, zina ku batire, ndipo zachiwirizi batire likaferatu zimavuta.

Ngati simunakwerepo njinga yamoto, phunzirani pabwalo la mpira, osati pamsewu wa M1. Yezetsani maso, pewani kuyenda usiku, ndipo ngati mankhwala a BP kapena a shuga amakuchititsani chizungulire, kambiranani ndi adokotala musanagule. Zisoti zikhale ziwiri, zomanga lamba pachibwano.

Mabuleki a diramu kapena a disiki? Marimu a masipoko kapena a aloyi?

Diramu ndi yosavuta: mumakhwimitsa ndi nati imodzi, ndipo mashuzi ake ndi otchipa. Choipa chake n'chakuti mukawoloka mtsinje sagwira mpaka ataphwa, choncho yendani pang'ono mutawagwira mopepuka. Disiki yakutsogolo imaimitsa bwino pa tala muli awiri, koma imafuna mafuta a DOT 3 kapena DOT 4 osinthidwa zaka ziwiri zilizonse, ndipo matope akauma m'kalipa buleki imakakamira.

Rimu ya masipoko ikapindika, ngakhale wokonza njinga zakapalasa amaiwongola. Ya aloyi ikamenya dzenje mwamphamvu imang'ambika, ndiye kugula ina. Komabe ya aloyi imalola tayala lopanda chubu, limene msomali ukalowa mumamata tayala lili pomwepo, osachotsa gudumu. Amene anayesapo kuchotsa gudumu lakumbuyo padzuwa la October amadziwa phindu lake. Msewu wanu ukakhala wamiyala ndi makwawa, masipoko. Ukakhala wa tala ndi fumbi losalala, aloyi.

Chinthu china chimene ambiri sachiyang'ana ndi chivindikiro cha tcheni. Tcheni yotsekedwa mbali zonse imakhalitsa kwambiri pafumbi. Anyamata amakonda kuchichotsa ati chimachita phokoso, inu musalole.

Yatsopano yandikanika mtengo. Yakale ndiiyese bwanji?

Pangano likhale la m'mawa, ndipo muuzeni mwini wake kuti asailize. Mukafika gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, pali chimene akubisa. Injini yabwino yozizira imalira pa kiki yachiwiri kapena yachitatu.

Ikalira imani kumbuyo kwa ekizozi. Utsi wabuluu motuwa pa 4-stroke ndiye kuti ikudya oyilo: maring'i kapena masilo a mavaluvu atha. Utsi wakuda ndi kabureta chabe, sizoopsa. Kugogoda kolemera pansi pa injini ndi kirankishafiti, ndipo imeneyo isiyeni ndithu.

Zimitsani, tulutsani kamtengo koyezera oyilo, mupake oyiloyo pachala n'kuyang'ana padzuwa. Tinthu tonyezimira ndi zitsulo za injini zimene zikudyana. Oyilo wotuwa ngati tiyi wamkaka walowa madzi. Pitani ku sipuloketi yakumbuyo, mukoke tcheni kumbuyo kwenikweni: ikanyamuka mpaka theka la dzino kuonekera, yatha, ndipo mano osongoka opindikira mbali imodzi akunena zomwezo. Ikani njinga pa sitandi yapakati, mugwedeze gudumu lililonse cham'mbali kuti mumve mabering'i. Tembenuzani chiwongolero mbali zonse. Chikamakodwa pakati, mabering'i a pakhosi atha. Yang'anani pansi pa mpando ndi pakhosi pa felemu ngati pali powotcherera, chizindikiro cha ngozi kapena katundu wopyola muyezo. Mawaya olumikizalumikiza ndi tepi ndi mavuto a mawa.

Mita ya makilomita musaikhulupirire, pa njinga zambiri waya wake unaduka kalekale. Zopondera zodyeka ndi mpando wophwa ndi zimene zimaulula njinga imene inali pa kabaza.

Nanga mapepala? Za ku Mozambique zikuoneka zotchipa.

Njinga zambiri za m'maboma a m'malire monga Dedza, Ntcheu, Mangochi ndi Mulanje zinalowera ku Mozambique, ndipo zina ndi zotchipa chifukwa msonkho wa MRA sunalipidwe. Yopanda umboni wa msonkho simungailembetse ku Road Traffic. Yosalembetsa ilibe nambala, ndipo ikabedwa mulibe chosonyeza kuti ndi yanu. Mukagula yotere, msonkhowo udzakhala wanu, choncho uwerengereni pamtengo.

Pa yolembetsa kale, yerekezani nambala ya chasisi, imene imakhala pakhosi pa felemu, ndi ya injini, ndi zimene zili m'buluu buku, chilembo ndi chilembo. Nambala yopalidwa kapena yodindidwa kachiwiri, chokanipo. Pitani ndi wogulitsayo kukasintha umwini, ndipo dzina la pachitupa chake lifanane ndi la pamapepala. Pamsewu mufunika laisensi, COF (chiphaso chakuti njinga ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi, ngakhale ya third party yokha, yolipira anthu ena pangozi.

Ndi ntchito ziti zimene ndingamachite ndekha pakhomo?

Zinayi, ndipo ndi zomwezi zimene zimasunga njinga.

Oyilo. Gwiritsani ntchito 20W-50 wa njinga yamoto, wolembedwa 4T kapena JASO MA pabotolo, wogula ali wotseka. Kilatchi ya njingazi imasambira m'oyilo yemweyo wa injini, ndipo oyilo wina wa galimoto amaitereretsa. Injini zimenezi zimalowa pafupifupi lita imodzi yokha, n'chifukwa chake amatopa msanga: sinthani pa makilomita 1,500 mpaka 2,000 aliwonse pafumbi, kapena miyezi isanu ndi umodzi ngati simuyendayenda. Njinga yatsopano, oyilo woyamba atuluke pa makilomita 500. Lizani injini mphindi zitatu, zimitsani, masulani bawuti yapansi. Pa CG pali chitsekero cha sipanala 24 chokhala ndi sipuling'i ndi kasefa kawaya. Tsukani kasefako m'parafini n'kukabwezera momwe kanalili. Pomanga musakhwimitse ndi mphamvu zonse, chifukwa injini ndi ya aluminiyamu ndipo mazinga akadyeka oyilo azidontha mpaka kale. Poyeza, njinga iime chilili. Pa zambiri za mtundu wa Honda kamtengo koyezera mumangokakhazika, osakapota.

Sefa ya mpweya. Fumbi likadutsa apa limapala silinda ndi maring'i. Ya siponji itsukeni m'parafini, muifinye osaipotokola, iume, muidonthezere oyilo woyera n'kufinyanso kuti ingokhala yonyowa pang'ono. Ya pepala satsuka: igogodeni, ikada musinthe. M'chilimwe iyang'aneni mwezi uliwonse.

Tcheni. Ikhale yosewera masentimita 2 mpaka 3 mukaikankha pakati ndi chala. Yothina kwambiri imapha bering'i ya giyabokosi, yolendewera imavuka n'kumanga gudumu. Ithireni oyilo wa giya wa 90 pa makilomita 500 aliwonse ndiponso mukayenda pamvula. Girisi amagwira mchenga. Pokhwimitsa, mizere ya mbali zonse ziwiri ifanane kuti gudumu lisapendeke. Ikatha, gulani tcheni ndi masipuloketi onse awiri nthawi imodzi, apo ayi yakale idya yatsopano. Njinga zambiri za 125cc zimavala tcheni ya 428.

Mpweya wa matayala. Pimani sabata iliyonse matayala ali ozizira: kutsogolo pafupifupi 25 psi pa geji yopimira mpweya, kumbuyo 28 mpaka 29, ndipo 32 mukanyamula munthu. Kubinya ndi chala si kupima. Tayala lofewa limatsina chubu pamwala ndipo limatha kuzula valuvu yake.

Mavaluvu asiyireni makaniko, koma muziyang'ana. Amayeza injini ili yozizira, ndi timapepala tachitsulo toyezera, osati ndi khutu. Pa CG mpata wake ndi mamilimita 0.08, pa zing'onozing'ono za 110cc ndi 0.05, ndipo pa zina tsatirani kabuku ka njingayo. Olira pang'ono alibe vuto. Oopsa ndi othina, amene sachita phokoso koma amapsa.

Ndiziikwera kawiri pa sabata basi. Kuima kumawononga?

Kwambiri, ndipo ili ndiye vuto lenileni la njinga za opuma pa ntchito. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo petulo akakhalitsa mu kabureta amasiya utomoni umene umatseka kabowo kakang'ono ka jeti ya aidulo. Chizindikiro chake: njinga imalira ndi tchoko (kotsekera mpweya poliza injini yozizira), mukabweza tchoko n'kuzima. Mukafika pakhomo tsekani kampopi ka petulo. Ngati iima kupitirira milungu iwiri, isiyeni ilire kampopi kali kotseka mpaka izime yokha, kapena masulani kasikuluwu kapansi pa kabureta petulo atuluke.

Batire nalo limatsika lokha. Kuiliza mphindi zisanu pakhonde kumalitsitsa m'malo molidzaza. Ikwereni mphindi 20 kapena 30 pa sabata. Batire labwino limaonetsa mavoti 12.6 injini ili yozima, ndi 13.5 mpaka 14.5 ikulira. La madzi muziwonjezera madzi a batire okha, osati asidi kapena a pamjigo.

Nthawi ya kusowa kwa mafuta anthu amagula wa m'zigubu. Muthireni kaye m'botolo loonekera, adikire pang'ono: madzi ndi zinyalala zimakhala pansi. Kasefa kapulasitiki ka pa paipi ya petulo ndi kotchipa, kaikitseni. Makoswe nawo amadya mawaya ndi siponji ya sefa, choncho musaiimike m'chipinda chosungiramo chimanga.

Yakana kulira m'mawa. Ndiyambire pati?

Pa zosavuta. Switchi yofiira ya pachiwongolero, imene adzukulu amakonda kuseweretsa. Kampopi ka petulo, ndipo yesani pa rizevu. Tchoko. Zikakanika masulani pulagi. Yonyowa ndi petulo ndiye kuti yamwa: ipukuteni, bwezani tchoko, menyani kiki kangapo mutatsegula moto wonse. Youma gwa, petulo sakufika. Ivekeni kapu yake, muigunditse pa injini mutagwira pa labala, wina amenye kiki: moto ukhale wabuluu. Nsonga ya pulagi yofiirira ndi injini yathanzi, yakuda yamwaye ndi sefa yotsekeka kapena petulo wochuluka, yoyera mbee ndi petulo wochepa, ndipo imeneyo imatenthetsa injini. Mpata wa pulagi ndi mamilimita 0.6 mpaka 0.7.

Pansi pa mpando pazikhala pulagi yapadera, sipanala yake, fyuzi, waya wa kilatchi, cholumikizira tcheni, pulayala ndi masipanala 8, 10, 12, 14 ndi 17.

Nanga sikuta kapena njinga ya magetsi?

Sikuta ilibe giya ndipo kukwera kwake sikufuna kuponya mwendo, choncho mumzinda ndi yabwino. Kumudzi timagudumu take timamira mumchenga, ndipo lamba wake sapezeka wamba. Ya magetsi ilibe oyilo, pulagi kapena kabureta, koma funsani mtengo wa batire latsopano ndi kumene kuli wokonza musanaigule, komanso ngati kwanuko magetsi ndi odalirika.

Ndalama ndizigawe bwanji?

Mitengo imasintha ndi kwacha. Masipeya anakwera kwambiri itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Chachikulu n'chakuti musathere ndalama zonse pa njinga. Patulani gawo limodzi mwa magawo asanu la mapepala, laisensi, inshuwalansi, zisoti, loko ndi sevisi yoyamba. Pa masipeya, potchipa sipayenera kukhala pa mabuleki, matayala, oyilo ndi mabering'i. Tayala lili ndi manambala anayi m'mbali: 2322 ndi sabata ya 23 ya 2022. Lopitirira zaka zisanu labala yake yauma ngakhale mapanga akuoneka atsopano.

Mdzukulu akuti aziyendetsa kabaza masiku amene sindikuikwera. Ndilole?

Ngati cholinga ndi njinga yosavuta kusamala, ayi. Makilomita amene inu muyenda pa mwezi, kabaza amawamaliza m'masiku ochepa, atanyamula anthu awiri kapena atatu. Kilatchi, mashoko, tcheni ndi matayala zimatha motsatizana, ndipo ndalama ya patsiku imabwera pokhapokha njinga ili bwino. Ikafa imabwerera kwa agogo. Inshuwalansi ya njinga yongokwera mwini siteteza wokwera wolipira, ndipo pakachitika ngozi ovulala amatha kulondola mwini wake wa pamapepala.

Mukafunitsitsa bizinesiyo, ikhale njinga ina yapadera, ya inshuwalansi yoyenera, woyendetsa wa laisensi, ndi pangano lolemba lonena amene agule oyilo, amene alipire chindapusa cha apolisi, ndi ola limene njinga izilowa pakhomo. Oyilo wa njinga ya kabaza azisinthidwa inu mukuona, botolo likutsegulidwa pamaso panu.